Nanga Ife Si Mitundu?

Mkanganowu unayambira pa maliro. Unali mwezi wa Okutobala, kumudzi kwa amayi anga cha ku Linthipe, usiku umene tinkagona pa maliro a agogo aamuna. Azimayi anali m'nyumba ya siwa, ife amuna tili panja titazungulira chitsa chimene chinkanyeka mwaulesi. Kunkatentha moti moto sunkafunika nkomwe, koma ndani anaonapo anthu akuchezera pa maliro popanda moto?

Cha m'ma 11 koloko kwaya ya pamudzi itatopa, achibale a alamu athu amene anachokera ku Mzimba anayambitsa nyimbo ya Chitumbuka. Ambiri sitinkawadziwa mawu ake, koma tinkangolowera m'mayimbidwe ake. Itatha imeneyo, anyamata awiri amene anakhalitsa ku Joni anaponyamo yawo ya Chizulu. Malume anga, amene akhala mkulu wa mpingo kuyambira ine ndisanamere mano, anagwedeza mutu n'kunena kuti: "Mwamvatu? Zimene zinalembedwa mu Salimo 86 zija ndi zimenezi. Mitundu yonse imene munailenga idzabwera kudzagwada pamaso panu."

Msuweni wanga, mwana wawo weniweni, sanalole kuti mawuwo adutse. Iye anasiya mpingo wa makolo zaka zingapo zapitazo n'kulowa wina wa m'tauni, ndipo Baibulo amalidziwa, zimenezo sindingamunamizire. Anati: "Ayi bambo, zimenezo sizinachitike. Zidzachitika Yesu akadzabwera kudzalamulira ku Yerusalemu zaka 1000. Mitundu idzapita komweko ndi miyendo yake, chaka ndi chaka."

Malume anasonkheza moto, n'kufunsa mosakweza mawu: "Nanga ife si mitundu? Kapena iwe ndiwe Myuda?"

Anthu anaseka, ndipo nkhani inapatukira ku mtengo wa feteleza. Koma ine funsolo linandikakamira. Akuluakulu amati kutsutsa galu n'kukumba, choncho nditabwerera m'tauni ndinayamba kukumba, usiku uliwonse pang'ono, kwa miyezi ingapo.

Choyamba chimene ndinaona n'chakuti msuweni wanga sankalota. Zekariya 14, kuyambira vesi 16, imanenadi kuti otsala a mitundu yonse azidzakwera ku Yerusalemu chaka ndi chaka kukalambira Mfumu ndi kuchita chikondwerero cha misasa, ndipo amene sadzapita, mvula sidzawagwera. Yesaya 2 ndi Mika 4 amanena za phiri la nyumba ya Mulungu litakwezedwa pamwamba pa mapiri onse, mitundu ikukhamukira kumeneko, malupanga akusulidwa kukhala makasu. Munthu ukayang'ana nkhani za pa wayilesi lero, sungalimbe mtima kunena kuti malupanga asanduka makasu. Ndiye ukamawerenga mawuwo monga mmene alembedwera, phiri kukhala phiri, Yerusalemu kukhala Yerusalemu wa pamapu, uyenera kunena kuti nthawi yake sinakwane.

Kawerengedwe kameneka kali ndi agogo ake. Chiyembekezo cha ufumu wa zaka 1000 padziko pano n'chakale, ena mwa Akhristu oyambirira anali nacho. Koma kugawa nthawi m'zigawozigawo, n'kusiyanitsa kwambiri malonjezo a Israeli ndi a mpingo, kunafalitsidwa ndi John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1800, kenako kunalowa m'nyumba zambiri za ku America kudzera m'Baibulo lokhala ndi ndemanga za Cyrus Scofield, limene linatuluka mu 1909. Kuchokera kumeneko kanadutsa m'masukulu a ubusa, pa wayilesi, pa TV, mpaka kudzafika pa chitsa cha ku Linthipe. Kuyambira 1980 Akhristu a m'maiko osiyanasiyana amasonkhana ku Yerusalemu nthawi ya chikondwerero cha misasa, atanyamula mbendera za kwawo, ngati kulawiratu zimene Zekariya ananena. Msuweni wanga amalakalaka atapitako tsiku lina. Sindimuseka. Chimene ndimachikonda mwa iye n'chakuti sakhutira ndi dziko mmene lililimu, ndipo salola kuti munthu amuuze kuti mtendere wa Mika ndi wa mumtima basi.

Koma malume nawo sankangoyankha mwaukalamba. Funso lawo lija linafunsidwapo kale ku Yerusalemu komweko, pa msonkhano wolembedwa mu Machitidwe 15. Anthu a mitundu ina anali atayamba kukhulupirira ku Antiokeya ndi kwina, osadulidwa, osadziwa malamulo a zakudya, ndipo abale ena ankati ayambe asanduka Ayuda. Yakobo, mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, anatchula Amosi 9, za msasa wa Davide umene unagwa ndipo udzamangidwanso kuti anthu otsala afune Ambuye, pamodzi ndi mitundu yonse yotchedwa ndi dzina lake. Sananene kuti tidikire. Ananena kuti mawu a aneneri akugwirizana ndi zimene maso awo ankaona tsiku limenelo.

Pali kanthu kena pa vesi limeneli kamene kanandikhazika pansi. Ukatsegula Amosi 9:12 m'Chipangano Chakale, upeza akunena za Israeli kulanda otsala a Edomu. Ukatsegula Machitidwe 15:17, upeza anthu otsala akufuna Ambuye. Kusiyanaku kunabwera chifukwa mawu a m'Machitidwe akutsata Baibulo lomasuliridwa m'Chigiriki, ndipo m'Chiheberi dzina loti Edomu ndi liwu lotanthauza munthu, adamu, amafanana kwambiri polemba. Vesi limodzi lomwelo, mbali ina likunena za kugonjetsa adani, mbali ina za alendo obwera okha kudzafuna Mulungu. Mpingo woyamba unaima pa mbali yachiwiriyo, ndipo n'chifukwa chake ine ndi inu tinabatizidwa popanda wotifunsa za mdulidwe kapena nyama ya nkhumba.

Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anamwalira mu 430, anaphunzitsa kuti zaka 1000 za mu Chivumbulutso 20 ndi nthawi ino ya mpingo, ndipo kwa zaka mazana ambiri Akhristu a kumadzulo ankamva choncho. Malume sanamuwerengepo Augustine. Anangoyamwa zimenezi m'kalasi ya katekisimu, monga mmene munthu umayamwira chiyankhulo.

Panalinso gulu lachitatu, ndipo ndi limene linakweza anthu zombo kubwera kuno. Iwowa ankakhulupirira kuti uthenga udzafalikira pang'onopang'ono mpaka dziko lonse lidzadzaza ndi kudziwa Mulungu, ukapolo udzatha, nkhondo zidzachepa, kenako Khristu adzabwera kumapeto. William Carey analemba kabuku kake kolimbikitsa utumwi mu 1792 ali ndi mtima umenewu, ndipo David Livingstone, amene anafika pa nyanja yathu mu 1859, ankadziona ngati wolambula njira ya tsiku limenelo. Kenako anabwera amishoni a Anglican a UMCA ku Magomero mu 1861, a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch ku Mvera mu 1889, Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Chaka cha 1914 chinathira madzi ozizira pa chiyembekezo chonsecho. Mitundu yomwe inatiphunzitsa za malupanga osanduka makasu inayamba kuphana, ndipo agogo athu anachotsedwa m'minda kukasenza katundu wa nkhondoyo monga amtengatenga. John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa chaka chomwecho kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo.

Chaka chomwecho cha 1914 chinali chitatchulidwa kale kumpoto. Elliot Kamwana anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera la Atonga pakati pa 1908 ndi 1909, akulalikira kuti ufumu watsopano ufika mu 1914. Atsamunda anamuchotsa m'dziko muno mu 1909. Chakacho chinafika, chinadutsa, msonkho sunathe. Ndikamva mlaliki wa masiku ano akuwerengetsa mitundu yotsala imene sinamve uthenga kuti Mateyu 24:14 ikwaniritsidwe, chimaliziro chifike, ndimakumbukira Kamwana. Kuwerengetsa kumeneku kunakula pambuyo pa msonkhano wa ku Lausanne mu 1974, pamene Ralph Winter anakumbutsa anthu kuti mitundu ya m'Baibulo si maiko okhala ndi mbendera koma magulu a anthu a chiyankhulo ndi chikhalidwe chawochawo. Mfundoyo inali yabwino, ndipo inatumiza anthu kumene sikunali koiwalika n'komwe chifukwa kunali kosadziwika. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuisandutsa wotchi, ngati kuti tikamasulira Baibulo m'chiyankhulo chomaliza Mulungu adzakakamizika kuliza lipenga Lachisanu lotsatira.

Vesi limene linandisowetsa tulo kwenikweni silinatchulidwe pa maliro paja. Ndi Malaki 1:11, pamene Mulungu akudzudzula ansembe a ku Yerusalemu chifukwa chopereka nyama zakhungu ndi zotsimphina, n'kuwauza kuti kuyambira kotulukira dzuwa kufikira kolowera kwake dzina lake ndi lalikulu pakati pa mitundu, ndipo m'malo onse anthu amafukiza lubani ndi kupereka nsembe yoyera. M'Chiheberi chiganizocho sichisonyeza poyera nthawi. N'chifukwa chake Mabaibulo ena amati dzina langa lidzakhala lalikulu, ena amati ndi lalikulu. Akhristu oyambirira, monga Justin Martyr m'zaka za m'ma 100, ankati nsembe yoyerayo ndi Mgonero wa Ambuye umene ukuchitika paliponse, ndipo Akatolika amalimva choncho mpaka lero. Ena amati Malaki ankanena za Ayuda obalalika m'maiko ena. Koma alipo amene amaliwerenga kuti ngakhale m'masiku a Malakiwo, kunali anthu kutali amene ankafuula kwa Mlengi moona mtima, ndipo iye ankawamva.

Apa ndi pamene nkhaniyi inasiya kukhala ya m'mabuku kwa ine. Agogo amene tinkawalirawo anabatizidwa ali mnyamata, koma abambo awo anafa osalowapo m'tchalitchi. Kumudzi ankawatchula kuti akunja, liwu limene timaligwiritsa ntchito mopepuka ngati kuti silipweteka. Anali munthu wothira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo mvula ikachedwa. Makolo athu anali ndi kachisi wopempherako mvula wa Makewana ku Msinja, anali ndi wa Mbona ku Khulubvi ku Nsanje, ndipo pamwamba pa mizimu yonse ankatchula Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza. Amishoni atafika sanabweretse dzina latsopano la Mulungu m'sutikesi. Anatola limene analipeza pakamwa pa anthu. Buku Lopatulika la 1922 limati Mulungu, ndipo pa dzina lake lenileni limati Yehova. Buku Loyera la 1998 pamalo pomwepo linaika Chauta. Tangoganizani: dzina limene agogo a agogo ankaitana pogwada pa kachisi wa udzu ndi lomwe lero likuyankhula ndi Mose pa chitsamba choyaka moto.

Sindikunena kuti zonse zimene makolo ankachita zinali zoyera. Amene anakulira kumudzi akudziwa mantha a ufiti, akudziwa za mwavi umene unamaliza anthu osalakwa. Sindikunenanso kuti Malaki ankaganiza za Achewa. Koma Paulo ali ku Atene anauza anthu opembedza pa guwa la mulungu wosadziwika kuti amene mukumupembedza osamudziwayo ndi amene ndikukulalikirani, ndipo ku Lustra anati Mulungu sanadzisiye wopanda umboni, popeza ankawapatsa mvula ndi nyengo za zokolola. Mvula. Umboni umene Paulo anasankha ndi womwewo umene makolo athu ankaufunafuna ndi ufa m'manja. Ine ndinafika pokhulupirira kuti uthenga utafika kuno sunapeze nyumba yopanda munthu. Unapeza anthu amene ankagogoda kale, ngakhale kuti ankagogoda mumdima ndipo nthawi zina pa khomo lolakwika.

Masomphenya omaliza a nkhaniyi, mu Chivumbulutso 7:9, amandilimbitsa pamenepa. Yohane anaona khamu losawerengeka, la mtundu uliwonse, fuko lililonse ndi chiyankhulo chilichonse. Kuti adziwe zimenezo ndiye kuti kusiyanako kunkaoneka ndi kumveka. Onse anavala zoyera, koma sanasanduke mtundu umodzi. Pa Pentekoste napo anthu sanapatsidwe chiyankhulo chimodzi, aliyense anamva m'chakwawo. Ndipo mu Chivumbulutso 21 mafumu akulowa mu mzinda atasenza ulemerero ndi ulemu wa mitundu yawo, ngati anthu opita ku chinkhoswe aliyense ndi dengu lake. Ndimadzifunsa kuti m'dengu lathu mudzakhala chiyani. Ng'oma zimene zinkaletsedwa m'matchalitchi ena kale, lero zikulira pa guwa. Amene anafikako ku Mua, ku KuNgoni kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, anaona zosema za nkhani za m'Baibulo zili ndi nkhope zathu. Mwina mudzakhalanso kalumikizidwe ka mawu kamene azimayi a kwathu amaimbira pa maliro, wina akuyamba ena n'kumalandira, kopanda wochita kuwaphunzitsa.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira. Liwu loti mtundu m'Chichewa ndi lolemera kuposa mmene timaliwerengera pa guwa. Tikati mitundu yonse m'tchalitchi timaganiza za Amwenye, Matchaina ndi azungu, anthu akutali amene sadzabwera kudzapikisana nafe pa udindo. Koma m'moyo wa tsiku ndi tsiku, munthu akafunsa kuti kodi ameneyu ndi wa mtundu wanji, safunsa za China. Akufunsa ngati uli Mlhomwe, Mtumbuka, Myao, Msena, Mngoni kapena Mchewa.

Zaka zingapo zapitazo, pa mpingo umene ndinkapemphera m'tauni, tinkasankha msungichuma. Panali bambo wina wodziwa ntchito ya ndalama, wokhulupirika, amene anakhala nafe zaka zoposa khumi. Sabata yomaliza tisanavote, mawu anayamba kuyenda pansipansi m'magulu a WhatsApp ndi pakhomo potuluka: ameneyo si wakuno, akatenga chikwama adzadzaza akwawo. Ine ndinawamva mawuwo kawiri. Sindinawafalitse, komanso sindinawatsutse. Ndinangoti zii, n'kumadziuza kuti si nkhani yanga. Bamboyo sanasankhidwe, ndipo patapita miyezi anasamukira ku mpingo wina mwakachetechete. Lamlungu lotsatira chisankhocho tinaimba ndi mawu okweza za mitundu yonse kudzagwada.

Nditawerenga Marko 11 ndili ndi bamboyo m'mutu, ndinaona zimene sindinkaziona. Yesu akugubuduza matebulo m'kachisi anatchula Yesaya 56:7, ndipo ndi Marko yekha amene anasunga mawu omaliza a vesilo, oti nyumba yopemphereramo mitundu yonse. Mateyu ndi Luka anaimira pa nyumba yopemphereramo. Akatswiri ambiri amati malondawo ankachitikira m'bwalo lakunja, malo okhawo amene munthu wosakhala Myuda ankaloledwa kuimapo. Kupitirira pamenepo kunali kampanda kokhala ndi miyala yolembedwa chenjezo lakuti mlendo wodutsa malirewo adziimbe yekha mlandu wa imfa yake. Umodzi wa miyala imeneyi unapezeka mu 1871 ndipo uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Istanbul. Ndiye munthu wochokera kutali, amene wayenda masabata kuti adzapemphere, ankapeza malo ake atasanduka msika wa nkhunda ndi osintha ndalama. Palibe anamuthamangitsa. Anangomudzazira malo.

M'chaputala chomwecho cha Yesaya 56 muli lonjezo kwa mlendo ndi kwa munthu wofulidwa, anthu amene Deuteronomo 23 inkawaika kunja kwa msonkhano. Nduna ya ku Itiyopiya ya mu Machitidwe 8, msungichuma wa mfumukazi Kandake, inali zonse ziwiri: mlendo komanso wofulidwa. Filipo anaipeza ikuchokera ku Yerusalemu, ikuwerenga Yesaya 53, machaputala atatu okha lonjezo lake lisanafike. Itaona madzi inafunsa kuti n'chiyani chingandiletse kubatizidwa. Ndi funso la munthu amene wazolowera kuletsedwa. Ndipo inde, ndinaona kuti nayenso anali msungichuma. Ndinatseka Baibulo n'kutuluka panja.

N'zosadabwitsa kuti Akhristu akuda a m'zaka za m'ma 1800 anagwiritsitsa Salimo 68:31, loti Kusi, kapena kuti Itiyopiya, adzatambasulira manja ake kwa Mulungu. Mangena Mokone atachoka mu mpingo wa Wesile chifukwa cha tsankho, anayambitsa Ethiopian Church ku Pretoria mu 1892, dzinalo analitenga m'vesi limeneli. Iwo ankawerenga ulosi wa mitundu ngati anthu oima kunja kwa kampanda. Ife zidzukulu zawo tinalowa, tinakhala pa mipando ya kutsogolo, ndipo tinaphunzira msanga kuimika timipanda tathu. Timaiwala kuti Angoni a kwa M'mbelwa anayamba kumvetsera uthenga kudzera mwa William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale amene anafika kuno mu 1876 ndi kumwalira ku Njuyu mu 1886, munthu amene lero tikanamufunsa za mapepala ake.

Pakati pa malume ndi msuweni, ine ndinatsamira kwa malume, koma osati thupi lonse. Ndikukhulupirira kuti ulosiwu unayamba kukwaniritsidwa, ndipo umboni wake ndi anthu a ku Linthipe oimbira Mulungu wa Abrahamu m'ziyankhulo zitatu usiku umodzi. Ndikukhulupiriranso ndi msuweni kuti sunathe, pakuti Yesaya 19 amalota msewu wochokera ku Ejipito kupita ku Asuri, adani awiri akale a Israeli akupembedza pamodzi, Mulungu n'kumatchula Ejipito kuti anthu anga. Msewu umenewo sindinauone, kaya ku Middle East kaya pakati pa zigawo zathu zitatu. Za zaka 1000 ndi mmene zidzayendere, ndasiya kulimbana nazo ndi mtima umene ndinali nawo kale.

Ndinabwerera kumudzi mu Disembala, mvula itachedwa, chimanga chimene anthu anadzala ndi mvula yoyamba chitayamba kupota masamba. Ndinapeza malume akukonza mpini pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinawafotokozera zonse, za Edomu ndi adamu, za Malaki, za mwala wa ku Istanbul. Za msungichuma uja ndinawauzanso, ngakhale sindinakonzekere kutero. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anandifunsa ngati bamboyo ndili ndi nambala yake. Ndinati ndili nayo. Anati, "Chabwino," n'kupitiriza kusema.

Kenako anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe ndi kamtambo komwe, n'kuseka. "Ukakamuona m'bale wakoyo ukamuuze kuti Zekariya wakeyo ndamuwerenganso. Akuti osapita ku Yerusalemu mvula sadzaiona. Ukamufunse ngati basi yake imadutsa pa Linthipe, chifukwa ine chimanga changa chikuuma."